Pulasitiki yosweka isathamangire kudzala

Mitengo ya katundu wa pulasitiki sinabwererenso pansi chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndowa, mabeseni, zigubu ndi masipuleya opopera mbewu zomwe zimagulitsidwa pa Mponela, pa Madisi, pa Dzaleka ndi pa Malomo zimadalira zipangizo zochokera kunja, kotero dola ikakwera nazonso zimakwera. Nchifukwa chake mmisiri womata pulasitiki sasowa ntchito patsiku la msika. Vuto nlakuti zomata zambiri zimamatuka sabata isanathe, ndipo kasitomala amene ufa wake wanyowa kapena madzi ake atayikira m'njira yokwera phiri sabweranso.

Chomwe chimalakwika kawirikawiri si moto ayi, koma kusakaniza mitundu. Pulasitiki ili ndi mitundu yambiri, ndipo iliyonse imagwirana bwino ndi inzake ya mtundu womwewo. Pansi pa katundu wambiri pamakhala kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala. Nambala 2 ndi HDPE, ya zigubu ndi matanki ambiri a sipuleya, ndipo imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130. Nambala 5 ndi PP, ya mabeseni, mipando ndi ndowa zambiri, ndipo imafuna madigiri pafupifupi 165. Wothira chigamba cha chigubu pa beseni amaona ngati zagwira, koma zikazizira zimakanganuka ngati nkhanambo.

Palinso mtundu wolimba ndi wonyezimira wotchedwa ABS. Umapezeka pa zikuto za wayilesi, pa mbali zina za njinga zamoto za kabaza, komanso pa makina a magetsi okoka fumbi m'nyumba, aja amabwera ndi katundu wa kaunjika. Makina oterewa amakonda kuthyoka kachogwirira kotsekera chivindikiro kapena pakamwa polowera paipi, injini ili bwinobwino. Zosinthira zake sizipezeka msanga ngakhale ku Lilongwe, ndiye kumata ndiye njira yake.

Ngati nambala palibe, madzi amathandiza. Mmisiri adule kachidutswa kakang'ono pamalo osaoneka ndi kukaponya m'kapu ya madzi. HDPE ndi PP zimayandama, pomwe ABS ndi PVC zimamira. Kuyesaku kumanenanso za guluu. Guluu wa m'timachubu uja wogulitsidwa m'maokala amagwira pa ABS, koma pa HDPE ndi PP sagwira, kumeneko nkutaya ndalama chabe. Zoyandama zimafuna kuwotcherera.

Ntchito imayamba ndi kutsuka. Mafuta, fumbi ndi sopo wotsalira zimalepheretsa kugwirana, choncho malowo atsukidwe, aume, kenaka apalidwe ndi sandipepa kapena mpeni. Chachiwiri ndi kuboola kabowo kakang'ono ndi msomali wamoto kumathero onse awiri a mng'alu. Kabowoko kamaimitsa mng'alu kuti usapitirire. Chachitatu ndi kusema kangalande m'mng'alu monse kuti pulasitiki yatsopano ipeze pokhala.

Chothira chidulidwe ngati kamkuzi kopyapyala kuchokera ku chinthu chakutha cha mtundu womwewo. Ambiri amagwiritsa ntchito chitsulo chophwatalala chotenthetsa pambaula. Okhala ndi magetsi angagwiritse ntchito chowotcherera chija cha okonza wayilesi. Chofunika nchakuti mbali zonse ziwiri za mng'alu zisungunuke pamodzi ndi kamkuziko, osati kungodonthezera pamwamba. Chitsulo chisafike pofiira. Utsi wakuda ndi mtundu wa bulauni ndi umboni wakuti pulasitiki yapsa, ndipo yopsa imafumbutuka. Akamaliza mbali imodzi atembenuze, awotcherere ndi mkati momwe.

Malo onyamula katundu, monga khutu la ndowa, mwendo wa mpando kapena kachogwirira ka makina a fumbi, amafuna mafupa. Tiwaya tatifupi topinda mokhotakhota, kapena kachidutswa ka sefa ya waya ya pawindo, timizidwe ndi chitsulo chamoto mopingasa mng'alu, kenaka tikwiriridwe ndi pulasitiki. Chinthucho chizizire chokha. Kuchithira madzi ozizira kumachipinditsa.

Pali ntchito zina zoyenera kukana. Chigubu chomwe munali petulo kapena parafini chisayandikire moto, chifukwa mpweya wotsalamo umaphulika. PVC, ya nambala 3, yomwe ndi ya mapaipi ambiri a madzi, imatulutsa utsi woononga mapapo ikapsa. Imeneyo ili ndi guluu wakewake kumasitolo a hadiweya. Sipuleya itsukidwe katatu isanakhudzidwe, ntchito ichitikire panja, ndipo zidutswa zake zisamatidwe pa ndowa ya madzi akumwa. Tanki ya sipuleya yong'aluka mbali yogunda kumsana ndi bwino kuisiya, poti ikadonthanso mankhwala amalowa pakhungu la mlimi. Makina a magetsi azulidwe kaye kukhoma, ndipo chosweka chimasulidwe kuti moto usafike ku mawaya.

Pulasitiki yomwe yakhalitsa padzuwa mpaka kuyezuka, yothetheka ikapindidwa pang'ono, yatha ntchito. Ikamatidwa apa, mawa isweka apo. Mmisiri wanzeru amamuuza mwini wake zoona, nkupempha kugula chakuthacho motchipa kuti tizigawo take tomwe tikadali tolimba tikhale zigamba.

Pa nkhani ya mtengo, mmisiri ayambe wazungulira msika m'mawa kuti adziwe chatsopano chili pa zingati tsikulo, chifukwa mtengo womata ukayandikira theka la chatsopano kasitomala amasankha kugula. Awerengere makala, waya ndi nthawi yake. Asanalandire ndalama, adzaze madzi m'ndowa kapena m'chigubu, achinyamule pamaso pa mwini wake, onse aone kuti sichikudontha. Wogula naye asachoke asanaone kuyesaku, ndipo afunse kuti chigambacho chachokera ku chinthu chanji.