PEPANI SAPOLETSA CILONDA: PHUNZIRO LA ZIPATALA ZA KU CANADA

Phunziro lathu la mwezi uno lititengera kutali, kutsidya kwa nyanja yaikuru, ku dziko lozizira la Canada, limene lili kumpoto kwa America. Makolo anati, pepani sapoletsa cilonda. Mau amenewa tiwadziwa tonse, ndipo tiwanena pa bwalo pamene munthu wapweteka mnzace, nangoti pepani, osaturutsa kanthu. Tsono tifuna kuona kuti mwambi umenewu uli woona ngakhale pakati pa mitundu ya anthu, ndiponso m'nyumba za odwala, m'mene zilonda ziyenera kupola. Cimene tiphunzire ndi ici: mtundu ukalakwira mtundu unzace, kupepesa ndiko ciyambi cabe. Pafunika nkhoswe, munthu wopatsidwa nchito ya kulondola malonjezo onse kufikira atafika pa kama wa wodwala.

1. Eni dziko ndi cilonda cao

Azungu asanafike ku Canada, kunali eni dziko a mitundu yambiri, mtundu uli wonse ndi cinenero cace. Lero awerengedwa m'magulu atatu: First Nations, Métis, ndi Inuit a kumpoto kwa cisanu. Pa kalembera wa 2021 anapezeka ngati 1,800,000, ndiko kuti mwa anthu 20 a m'dzikomo mmodzi ndiye mwini dziko.

Kwa zaka zoposa 100 Boma linali kucotsa ana a eni dziko kwa makolo ao ndi kuwaika m'masukulu ogona konko, kuti aiwale cinenero ndi makhalidwe a kwao. Ana amene analowamo anali ngati 150,000, ndipo masukulu ambiri anali m'manja mwa mipingo ya Cikristu. Otsiriza anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. M'caka ca 1907 dotolo wa Boma, dzina lace Peter Bryce, anayendera masukulu a kumadzulo, nalemba kuti cifuwa cacikuru cinali kutha ana: m'masukulu amene anawerenga, pafupifupi mwana mmodzi mwa anai anali atafa. Koma akuru a Boma sanasamale mau ace.

Pambuyo pace Boma linatsegula zipatala za eni dziko okha, zopatulidwa ku zipatala za Azungu. M'zaka za m'ma 1950 Inuit ambiri odwala cifuwa anatengedwa pa sitima ya pamadzi kunka kumwera. Ena anafera konko naikidwa m'manda, abale ao osauzidwa. Cifukwa cace mwini dziko akafika lero pa khomo la cipatala, safika ndi nthenda yace yokha iai. Afika ndi mantha amene anamsiyira agogo ace.

2. Atatu amene maina ao saiwalika

Woyamba ndiye kamnyamata Jordan River Anderson, wa mtundu wa Cree, wa ku Norway House m'cigawo ca Manitoba. Anabadwa mu 1999 ali ndi matenda akuru, nakhala m'cipatala ku Winnipeg. Atafika zaka ziwiri madotolo anati angathe kuturuka, akasungidwe m'nyumba. Koma Boma lalikuru la dziko lonse ndi Boma la cigawo anayamba kukankhirana: alipire ndani? Anakangana zaka zoposa ziwiri, ndipo Jordan anamwalira m'cipatala momwemo mu 2005, ali ndi zaka 5, osagonapo m'nyumba ya banja.

Waciwiri ndiye Brian Sinclair, bambo wa zaka 45 woyenda pa cikuku, pakuti miyendo yace inadulidwa. Mu September 2008 dotolo wa kacipatala kakang'ono anamtumiza ndi kalata ku cipatala cacikuru ca Winnipeg, popeza paipi yace ya mkodzo inatsekeka. Anakhala m'cipinda codikira maora 34, osalembedwa m'buku la odwala. Ena anayesa kuti waledzera, ena kuti wangolowa kudzagona, ena kuti wathandizidwa kale. Anafera pa cikuku cace pomwepo, ndi nthenda yokhoza kucizika.

Wacitatu ndiye mai Joyce Echaquan, wa mtundu wa Atikamekw, wa ku Manawan m'cigawo ca Quebec, wa zaka 37, mai wa ana 7. Pa 28 September 2020, ali gone m'cipatala ca ku Joliette ndi kulira ndi ululu, anatsegula foni yace, ndipo anthu anamva pa Facebook anchito a m'cipatalamo alinkumtukwana. Tsiku lomwelo anamwalira. Mu 2021 wofufuza za imfa, Géhane Kamel, anapeza kuti tsankho la mtundu linali limodzi la zifukwa za imfa yace.

Taonani, mankhwala analipo, madotolo analipo, ndarama zinalipo. Jordan anagwera pakati pa Boma ndi Boma. Brian anagwera pakati pa khomo ndi dotolo. Joyce anagwera pakati pa pakamwa pa wodwala ndi khutu la namwino.

3. Mau a kupepesa

Pa 11 June 2008 nduna yaikuru ya Canada, Stephen Harper, inaimirira m'Nyumba ya Malamulo nipepesa cifukwa ca masukulu aja. Anakhazikitsanso bungwe la Coonadi ndi Ciyanjano, limene mkuru wace anali woweruza Murray Sinclair, mwini dziko. Bungweli linamva mboni zoposa 6,000, ndipo mu 2015 linaturutsa zofunika kucita 94. Za nambala 18 kufikira 24 zinena za umoyo: kuti maboma abvomereze kuti kudwala kwa eni dziko lero kwacokera ku macitidwe a kale aja, kuti pakhale ciwerengero ca caka ndi caka coonetsa ngati zinthu zilinkukonzeka, kuti ociza a eni dziko ndi akuru a mudzi aloledwe kuthandiza pamene wodwala awafuna, kuti eni dziko acuruke pa nchito ya udotolo ndi unamwino, ndi kuti ophunzira onse a nchito zimenezi aphunzire mbiri iyi. Mu 2022 Papa Francis anapita ku Canada napepesa. Mu 2024 bungwe la madotolo a ku Canada linapepesanso.

Koma zindikirani masiku. Brian anafa miyezi itatu nduna yaikuru itapepesa. Joyce anafa zaka zisanu mau 94 aja atalembedwa. Mau anali abwino ndithu, koma mau sayenda okha kucoka ku Nyumba ya Malamulo kukafika m'cipinda codikira usiku.

4. Nchito ya nkhoswe

Cifukwa ca ici zipatala zambiri za ku Canada zaika anthu, kapena maofesi, a nchito ya kugwirizanitsa zonse za ciyanjano ndi kuthetsa tsankho. Ife tiwacha ankhoswe, pakuti nkhoswe ndiye adziwa mbali zonse ziwiri, akumbuka cimene anapangana, ndipo sacoka pa mlandu usanathe. Nchito yao tingaigawe pasanu.

Yoyamba ndiyo kulumikiza maboma. Mu December 2007 Nyumba ya Malamulo inabvomereza Mfundo ya Jordan: mwana wa First Nations akasowa thandizo, Boma limene lapemphedwa poyamba lilipire msanga, ndipo za kubwezerana ndarama akambirane pambuyo, mwana atathandizidwa.

Yaciwiri ndiyo kuimirira pa khomo. Zipatala zina zalemba operekeza odwala, ambiri a iwo eni dziko, amene alandira wodwala, namasulira mau a dotolo m'cinenero cace, nauza abale za m'mene zinthu zilinkuyendera, naona kuti dzina lace lalowa m'buku.

Yacitatu ndiyo kuphunzitsa anchito. M'cigawo ca British Columbia muli maphunziro ochedwa San'yas, amene aphunzitsa madotolo ndi anamwino mbiri ya eni dziko, ndi kudziyesa okha pa maganizo amene awafikira asanafunse wodwala kanthu. Nzeru yace ina inacokera ku dziko lina, la New Zealand, kwa namwino wa mtundu wa Māori, Irihapeti Ramsden. Iye anaphunzitsa kuti woweruza ngati cisamaliro cinali ca ulemu ndiye wodwala mwini, si namwino iai.

Yacinai ndiyo kuwerenga. Tsankho likonda mdima, ndipo yense angathe kunena kuti kwathu kulibe. Mu November 2020 Mary Ellen Turpel-Lafond, amene kale anali woweruza, anaturutsa lipoti la zipatala za British Columbia lochedwa In Plain Sight. Mwa eni dziko 100 ali onse amene anayankha mafunso, 84 anati anacitidwapo tsankho pofuna thandizo. Lipotilo linapereka malangizo 24. Nkhoswe asunga malangizo otere m'buku, nalemba pa lili lonse dzina la woyenera kulicita ndi tsiku lace, nabweranso kudzafunsa.

Yacisanu, imene iposa zonse, ndiyo kupatsa eni ace utsogoleri. Mu October 2013 nchito za umoyo zimene Boma lalikuru linali kucitira First Nations a ku British Columbia zinaperekedwa m'manja mwa bungwe lao lomwe, First Nations Health Authority. Ndipo atamwalira Joyce, a Atikamekw okha analemba Mfundo ya Joyce, yonena kuti mwini dziko ali yense ayenera kulandira cisamaliro copanda tsankho, ndi kuti nzeru za makolo ace za kuciza zilemekezedwe.

5. Zobvuta za pa njira

Tisayese kuti mlandu watha. Mfundo ya Jordan itabvomerezedwa, Boma linaitanthauzira mopapatiza, kotero kuti ana ambiri sanathandizidwe nayo. Ndipo mu 2016, pa mlandu umene Cindy Blackstock ndi anzace anasuma, bwalo la maufulu a anthu linalamula Boma kuti liicite mokwanira. Mu 2020 Boma la Quebec linakana kulandira Mfundo ya Joyce, cifukwa inanena kuti tsankho lili m'makonzedwe a nchito yonse, si mwa anchito owerengeka okha.

Apa pali mtima wa phunziro lathu. Namwino mmodzi wa mwano angacotsedwe nchito, monga anacotsedwa ku Joliette. Koma amene anapyola Brian maora 34 anali ambiri, ndipo yense anayesa kuti wina wamuona. Coipa cotere sicitha ndi kulanga mmodzi. Citha pamene njira yonse ya wodwala, kuyambira pa khomo kufikira kubwerera kwao, ili ndi mwini wace woyankha. Mutu umodzi susenza denga; komanso denga silikwera pakapanda wina woitana kuti onse anyamule pamodzi. Ndipo nkhoswe wopanda mphamvu, wosaloledwa kulowa m'bwalo la akuru, wosapatsidwa ndarama za nchito, ali ngati cizindikiro cabe ca pa khomo.

Mafunso a kukambirana

1. Kodi mantha a eni dziko pa khomo la cipatala anacokera kuti?
2. Jordan, Brian ndi Joyce anagwera pati? Ndi nchito iti ya nkhoswe ikadathandiza yense wa iwo?
3. Cifukwa ninji wodwala ndiye ayenera kuweruza ngati analandiridwa ndi ulemu?
4. Kodi kulanga munthu mmodzi kusiyana bwanji ndi kukonza njira yonse?
5. Munthu akapepesa pa bwalo la mudzi wanu, ndani alondola kuti colonjezedwa caperekedwa?

Werengani phunziroli pamodzi madzulo, ndipo wodziwa kuwerenga awerengere wosadziwa. Tsalani ndi mtendere kufikira mwezi wa mawa.