Kuchekenira Mbendera: Masiku a Ufulu Kum'mwera kwa Asia

Ndiloleni ndiyambe ndi kankhani ka kwathu. Pa tchuthi chapitachi mng'ono wanga wa Sitandade 3 anatola buku langa la mapu, natsegula pa tsamba lija la mbendera za maiko. Anatenga pepala ndi chekeni nayamba kujambula mbendera ya India. Mizere itatu ija anaikhoza bwino, koma atafika pa kanthu kozungulira ka pakati anapeza kuti mtundu wa buluu wamuthera, ndipo anangopakapo wa lalanje. Anathamangira kwa ine monyadira nati, "Achimwene, taonani India!" Ine poyang'ana m'buku muja ndinaona kuti mwanayo wajambula mbendera yofanana ndi ya Niger, dziko la konkuno ku Africa.

Tinaseka tonse awiri, koma ine pambuyo pake ndinayamba kulingalira. Ngati kulakwitsa mtundu umodzi kukhoza kuchotsa munthu ku Asia ndi kumfikitsa ku Africa, ndiye kuti mitundu ya pa mbendera inasankhidwa pa chifukwa. Chotero ndinafufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Maiko Amene Tikunena

Kum'mwera kwa Asia kuli maiko awa: India, Pakistan, Bangladesh, Sri Lanka, Nepal, Bhutan ndi Maldives. Anthu a kumeneko si achilendo kwa ife, pakuti Amwenye amene anatsegula masitolo ku Limbe, ku Blantyre ndi m'madera ena, ambiri makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Ambiri mwa maikowa analamulidwa ndi Angelezi monga momwe tinalamulidwira ife.

Tsiku lalikulu la dziko likamayandikira, sukulu za kumeneko zimachititsa mipikisano ya kujambula ndi kuchekenira. Ana amapanga timbendera ta mapepala, ndipo ena amadzipaka mitundu ya mbendera m'masaya. M'mera mpoyamba: mwana asanadziwe kuwerenga mbiri ya dziko lake m'buku, amayamba waigwira ndi zala.

India

India ali ndi masiku atatu aakulu a dziko lonse. Loyamba ndi la 15 Ogasiti, pamene analandira ufulu m'chaka cha 1947. Pa tsikuli Nduna Yaikulu imakweza mbendera pa linga lakale lotchedwa Red Fort mu mzinda wa Delhi. Lachiwiri ndi la 26 Januwale, pamene malamulo aakulu a dzikolo anayamba kugwira ntchito mu 1950. Lachitatu ndi la 2 Okutobala, tsiku limene Mahatma Gandhi anabadwa mu 1869. Gandhi ameneyu anakhala zaka pafupifupi 21 ku South Africa, ndipo kumeneko ndi kumene anayambira njira yake yolimbana ndi malamulo oipa popanda kugwira chida.

Mbendera yawo inavomerezedwa pa 22 Julayi 1947. Pamwamba pali mzere wa mtundu wa lalanje lakupsa, pakati woyera, pansi wobiriwira. Ana amaphunzitsidwa kuti wa pamwambawo ndi kulimba mtima ndi kudzipereka, woyera ndi choonadi ndi mtendere, ndipo wobiriwira ndi nthaka ndi zomera zake.

Chovuta kujambula ndi gudumu la buluu woderako limene lili pakati. Kale, pa mbendera ya chipani cha Congress panali kachipangizo kopotera ulusi wa thonje, pakuti Gandhi ankauza anthu kuti aziomba okha nsalu zawo m'malo mogula za ku Mangalande. Ufulu utayandikira anaikapo gudumu lotengedwa pa mzati wa mwala wa ku Sarnath, umene anauimika ndi Mfumu Ashoka zaka pafupifupi 250 Yesu asanabadwe. Mfumuyi itaona unyinji wa anthu amene anafa pa nkhondo yake ya ku Kalinga inagwidwa ndi chisoni, nitsata chiphunzitso cha Buddha. Gudumuli lili ndi masipoko 24. Amene ali ndi zida za masamu akumbukire kuti 360 kugawa ndi 24 timapeza madigiri 15. Amene alibe agawe gudumulo panayi, kenaka chigawo chilichonse achigawe pasanu ndi kamodzi. Musafulumire, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pakistan

Pakistan amakondwerera ufulu wake pa 14 Ogasiti, tsiku limodzi patsogolo pa India. Maiko awiriwa anali dziko limodzi pansi pa Angelezi. Asilamu ambiri, motsogozedwa ndi Muhammad Ali Jinnah, anaopa kuti adzaponderezedwa ndi Ahindu amene anali ochuluka, ndipo pa msonkhano wa ku Lahore mu Malichi 1940 anapempha kuti madera awo adzadzilamulire okha. N'chifukwa chake tsiku la 23 Malichi lilinso la tchuthi kumeneko.

Ntchito yolemba malire inapatsidwa kwa Cyril Radcliffe, loya wa Chingelezi amene anali asanapondepo ku India, ndipo anali ndi masabata asanu okha. Malirewo analengezedwa pa 17 Ogasiti 1947, anthu atavina kale za ufulu asakudziwa kuti mudzi wawo uli dziko liti. Zotsatira zake zinali zoopsa. Anthu oposa 10 miliyoni anasiya nyumba ndi minda yawo, Asilamu kulowera ku Pakistan, Ahindu ndi Asikhi kulowera ku India. Akatswiri a mbiri amasiyana pa chiwerengero cha amene anaphedwa: ena amati 200,000, ena amafika mpaka 2 miliyoni.

Tsono yang'anani mbendera yawo. Ndi yobiriwira moderako, pakati pali mwezi wongooneka kumene ndi nyenyezi ya nsonga zisanu, zonse zoyera. Koma mbali ya ku mlongoti kuli mzere woyera wochoka pamwamba kufika pansi, umene umatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a mbendera yonse. Chobiriwira chikuimira Asilamu, ndipo choyeracho chikuimira Akhristu, Ahindu, Asikhi ndi ena onse ochepa. Mbenderayi inavomerezedwa pa 11 Ogasiti 1947, tsiku lomwelo limene Jinnah anauza aphungu kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopembedza kumene afuna, ndi kuti chipembedzo cha munthu si nkhani ya boma. Choncho mwana amene apaka chobiriwira pepala lonse, osasiya malo oyera aja, wafafaniza anthu mamiliyoni mosadziwa.

Bangladesh

Pakistan wa 1947 anali ndi zigawo ziwiri, cha kumadzulo ndi cha kum'mawa, ndipo pakati pawo panali dziko la India, mtunda wa mailosi pafupifupi 1,000. A kum'mawa amalankhula Chibengali, ndipo anali ochuluka kuposa anzawo, koma olamulira anafuna kuti Chiurdu chokha chikhale chilankhulo cha boma. Pa 21 Febuluwale 1952 ophunzira a mu mzinda wa Dhaka anatuluka kukatsutsa zimenezi. Apolisi anaombera, ndipo ena anafa. Anali anyamata osatiposa ife zaka zambiri.

Tsikuli limakumbukiridwa chaka ndi chaka. Anthu amayenda opanda nsapato kukaika maluwa pa chipilala chotchedwa Shaheed Minar, ndipo ophunzira za luso amajambula zokongoletsa pa msewu weniweniwo. Ana aang'ono amajambula chipilalacho pamodzi ndi malembo a chilankhulo chawo. Mu 1999 bungwe la UNESCO linasankha tsiku lomweli kukhala la zilankhulo za makolo pa dziko lonse lapansi. Chotero ife tikamalemba m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, tsikuli ndi lathunso.

Kusamvana kunakula mpaka nkhondo inabuka mu 1971. Tsiku la 26 Malichi ndi la ufulu wawo, ndipo la 16 Disembala ndi la chipambano, pamene asilikali a Pakistan anagonja nkhondo itatha miyezi isanu ndi inayi. Anthu pafupifupi 10 miliyoni anali atathawira ku India.

Mbendera yawo imaoneka yosavuta: nsalu yobiriwira, ndi dzuwa lofiira limene likuimiranso mwazi wa amene anafa. Koma pali msampha, pakuti dzuwalo silili pakati penipeni. Analisendeza pang'ono ku mlongoti kuti mbendera ikamauluka ndi mphepo lizioneka ngati lili pakati. Jambulani mainchesi 10 m'litali ndi 6 m'lifupi. Tsegulani kampasi mainchesi 2, ndipo nsonga yake muibaye pa mainchesi 4 ndi theka kuchokera ku mlongoti, pakatikati pa mzere wa pamwamba ndi wa pansi. Poyamba mkati mwa dzuwalo munali mapu a dzikolo a mtundu wa chikasu, koma anawachotsa mu Januwale 1972.

Sri Lanka

Chilumba ichi, chimene kale chinkatchedwa Ceylon ndipo ndi chotchuka ndi tiyi monga Mulanje ndi Thyolo, chinalandira ufulu pa 4 Febuluwale 1948. Dzina la Sri Lanka linadza mu 1972. Mbendera yake ndi imodzi mwa zovuta kwa mwana: mkango wachikasu wogwira lupanga, pa malo ofiira moderako, ndi masamba anayi a mtengo wopatulika wa Abuda m'makona. Mkangowu unatengedwa ku mbendera ya mafumu akale a ku Kandy, ndipo umaimira Asinihala amene ali ochuluka. Mu 1951 anaonjezera mizere iwiri mbali ya ku mlongoti: wobiriwira wa Asilamu ndi wa lalanje wa Atamili. Komabe mizereyo sinaletse nkhondo ya pachiweniweni imene inayamba mu 1983 nidzatha mu 2009.

Nepal ndi Maiko Aang'ono

Nepal, dziko la phiri la Everest, sanalamulidwe ndi Angelezi, choncho alibe tsiku la ufulu longa lathu. Amakumbukira kutha kwa ufumu mu Meyi 2008 ndi malamulo atsopano a mu Seputembala 2015. Mbendera yawo ndi yokhayo pa maiko onse imene ilibe makona anayi. Ili ngati timbendera tiwiri ta makona atatu, kena pamwamba pa kanzake, yofiira mkati, ya buluu m'mphepete, mwezi woyera kumwamba ndi dzuwa loyera kumunsi. Kajambulidwe kake kanalembedwa m'malamulo a dziko mu 1962, mzere ndi mzere, monga funso la masamu.

Bhutan amasangalala pa 17 Disembala, tsiku limene mfumu yawo yoyamba, Ugyen Wangchuck, inalongedwa mu 1907. Mbendera yawo inagawidwa mopingasa, chikasu ndi lalanje, ndipo pakati pali chinjoka choyera. Maldives, dziko la tizilumba tambirimbiri, analandira ufulu pa 26 Julayi 1965, chaka chimodzi pambuyo pa ife. Yawo ndi yofiira m'mbali, yobiriwira pakati, ndi mwezi woyera.

Phunziro Lake

Mwaona kuti maiko awiri, Pakistan ndi Sri Lanka, anasiya dala malo pa mbendera a anthu ochepa. Limeneli ndi lonjezo lolembedwa pa nsalu. Kulichekenira kumatenga mphindi zochepa, koma kulisunga kwavuta akuluakulu zaka zambiri. Mwaonanso kuti kupeputsa chilankhulo cha anzako kunathandiza kung'amba dziko pakati. Pa sukulu pathu pano timagona ndi kudyera pamodzi anthu a m'maboma osiyana, a zilankhulo ndi zipembedzo zosiyana. Amene aseka mnzake chifukwa cha kalankhulidwe kake, kapena kumnyoza chifukwa cha kapempheredwe kake, akupaka utoto pa mzere woyera uja. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito Yoti Muchite

1. Jambulani mbendera za India, Pakistan ndi Bangladesh pa pepala limodzi. Yambani ndi pensulo ndi lula, ndipo muchekenire pomalizira. Mbali zoyera muzisiye zosapaka.
2. Pansi pa mbendera iliyonse lembani tsiku la ufulu ndi chaka chake.
3. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chake maiko atatuwa, amene anali amodzi, ali ndi mbendera zitatu.
4. Jambulani mbendera yathu ya pa 6 Julayi 1964 osayang'ana m'buku. Kodi mtundu wakuda, wofiira ndi wobiriwira ukuimira chiyani? Nanga dzuwa lija lili ndi mizere ingati?

Funso lomalizali ndinamufunsa mng'ono wanga, ndipo analephera. Ndivomere pamaso panu kuti nanenso ndinachita kukawerenga ndi chala, ndipo ndinapeza 31. Buluu ndamugulira pa ndalama zanga za m'thumba, ndipo walonjeza kuti pa tchuthi chikubwerachi adzandionetsa India weniweni, wa masipoko 24 onse.