NGONGOLE YA DZIKO: ADZABWEZA NDANI?

Pa holide yapitayi, ndiri kwathu ku Area 24, ndinaperekeza amai anga ku msonkhano wa banki m'khonde. Amai agulitsa mandasi pa msika wa Ngwenya. Tsiku limenelo anakongola ndarama, ndipo pobwerera ndinawapempha kuti andigulireko nsapato za sukulu. Iwo anakana, nati, "Mwananga, ndarama izi si zanga. Ndikagula ufa ndi mafuta, mandasi adzabweza ngongole. Nanga ndikagula nsapato, nsapatozo zidzabweza ciani?" Ndinanyinyirika njira yonse, koma mau amenewa andithandiza kumvetsa phunziro limene linkandibvuta m'kalasi, la ngongole ya Boma. Tiyeni tsono, anzanga, tilione pamodzi.

Boma likongola bwanji?

Boma lipeza ndarama zace makamaka m'misonkho, imene isonkhetsedwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority. Caka ndi caka Nduna ya za Cuma ipita ku Nyumba ya Malamulo kukaonetsa ndarama zimene Boma liyembekeza kulandira ndi zimene lifuna kugwiritsa nchito. Zolandira zikacepa, Boma likongola.

Ngongole zace ziri za mitundu iwiri. Yoyamba ndi ya kunja, yocokera ku World Bank, ku IMF, ku African Development Bank, ndi ku maiko monga China ndi India. Imeneyi ibwezedwa ndi ndarama za kunja, makamaka madola. Yaciwiri ndi ya m'dziko momwe muno, imene Boma likongola kwa mabanki ndi makampani. Imeneyi ibwezedwa ndi makwacha, koma ciongola dzanja cace ncacikuru. M'caka ca 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza ciongola dzanja cace kufika 26 pa 100 ali onse.

Kukongola pa kokha si chimo ai. Likulu lathu la Lilongwe, limene Boma linasamukirako m'caka ca 1975 kucokera ku Zomba, linayamba kumangidwa ndi ngongole yocokera ku South Africa, ndipo nyumba za pa Capital Hill zikugwirabe nchito. Funso lace ndi la amai lija: kodi cimene tagulaco cidzabweza ngongole?

Tinafika bwanji pamene tiri?

Pofika 2006 Malawi anali ndi ngongole ya kunja ya pafupifupi madola mabiliyoni 3. Caka cimeneco, Pulezidenti ali Bingu wa Mutharika ndipo Nduna ya za Cuma ali Goodall Gondwe, okongoza anakhululukira gawo lalikuru la ngongoleyo, monga anacitira ndi maiko ena osauka. Anthu anakondwa, nayesa kuti goli lacoka pa khosi.

Koma ngongole inabweranso, ndipo zifukwa zace ndi izi. Coyamba, tigula kunja zambiri koposa zimene tigulitsako. Petulo, feteleza, mankhwala ndi makina zonse zicokera kunja, pamene ife tidalira fodya wa ku Kanengo, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, ndi shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa. Zogula zathu ziposa zogulitsa pafupifupi katatu. Caciwiri, m'caka ca 2013 kunaululika kuba kwa ndarama za Boma kumene kunachedwa Cashgate. Maiko otithandiza analeka kuika ndarama m'thumba la Boma, ndipo Boma linayamba kukongola kwambiri kwa mabanki a kuno. Cacitatu ndico masoka: matenda a Covid m'caka ca 2020, namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023, ndi cirala ca 2024.

Cotero kumapeto kwa 2024 ngongole yonse ya Boma inali itapitirira K16 thiriliyoni, ndiko kuti 16 ndi maziro 12 pambuyo pace. Tikaigawa kwa Amalawi onse, amene aposa mamiliyoni 20, munthu ali yense, ngakhale khanda la kumsana, anali kusenza pafupifupi K800,000 pa nthawiyo.

Wina anganene kuti, "Zimenezo nza ku Capital Hill, ine zindikhudza bwanji?" Zitikhudza ndithu. Madola atasowa, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023. Nthawi zonse ziwiri mafuta ophikira, sopo ndi ndarama ya minibasi yopita m'tauni zinakwera mtengo, ndipo amai anacepetsa mandasi ao kuti asataye makasitomala. Ndiponso kwacha iri yonse yopita ku ciongola dzanja ikadagula buku la m'laibulale yathu kapena mankhwala a ku cipatala.

Boma lakonza zotani?

M'mwezi wa January 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, amene anakonzedwa ndi National Planning Commission. Colinga cace ndico cakuti pofika caka ca 2063 Malawi adzakhale dziko lodzidalira. Masomphenyawa aima pa mafuwa atatu: ulimi wa malonda, mafakitale, ndi kukuza mizinda. Nzeru yace njomveka. Tikalima soya ndi mtedza wambiri, ndi kuyenga tokha mafuta m'malo mogulitsa mbeu zosakonza, tidzasunga madola athu ndi kupezanso ena. Ncifukwa cace akukumba ngalande yaikuru ya mthirira m'cigwa ca Shire, ku Chikwawa.

Ciyembekezo cina ciri pa migodi. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, umene unaima m'caka ca 2014, unayambanso nchito m'caka ca 2025. Ku Kasiya, m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, kwapezeka miyala ya rutile yambiri, ndipo ku Kangankunde ku Balaka kuli miyala ina ya mtengo wapatali. Koma akulu anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Mwala uli pansi sunabweze ngongole ya munthu.

Pa za ngongole yeniyeniyo, Boma linapangana ndi IMF m'mwezi wa November 2023 kuti licepetse kukongola, lisonkhetse bwino misonkho, ndi kukambirana ndi okongoza kuti afewetse kabwezedwe. IMF inalonjeza madola pafupifupi mamiliyoni 175 pa zaka zinai, koma panganolo linatha m'mwezi wa May 2025, titalandira mamiliyoni 35 okha. Boma la Pulezidenti Peter Mutharika, limene linasankhidwa m'mwezi wa September 2025, linapeza katundu yense ameneyu ali pa khomo.

Tisaiwale kuti kale tinali ndi masomphenya ena, a Vision 2020, amene anakhazikitsidwa m'caka ca 1998. Caka ca 2020 cinafika, cinatipeza tikali osauka. Kulemba mapulani nkosabvuta, cobvuta ndiko kuwacita.

Nanga ife?

M'caka ca 2063 ine ndidzakhala ndi zaka zoposa 50. Ambiri amene akukongola lero sadzakhalapo, koma mlandu suola. Odzabweza ndife amene tikhala pa mabenci ano. Cifukwa cace tisapeputse maphunziro a ulimi, masamu ndi sayansi, pakuti dziko libweza ngongole ndi zimene manja a anthu ace apanga. Tisamale mabuku, madesiki ndi mipope ya pa sukulu, podziwa kuti zina mwa izo zinagulidwa ndi ndarama zokongola. Ndipo tikamva pa wailesi kuti Nyumba ya Malamulo yabvomereza ngongole yatsopano, tisaombe m'manja msanga. Tiyambe tafunsa monga anafunsira amai anga: kodi imeneyi nja ufa ndi mafuta, kapena nja nsapato?

Amai anabweza ngongole yao mwezi usanathe, ndipo nsapato ndinagulidwa ndi phindu lace. Ndizo ndabvala lero.

Wophunzira wa Form IV