Magetsi Otsalira m'Wailesi Yozimitsidwa

Munthu akazimitsa wailesi amayesa kuti magetsi atheratu pomwepo, koma sizitero ai. M'kati mwa wailesi, ndiponso m'makina okuza mau, muli kachipangizo kotchedwa kapasita, kamene kasunga magetsi monga mtsuko usungira madzi, ndipo kakhuthula pang'onopang'ono. M'chaka cha 1746 Pieter van Musschenbroek wa ku Leiden anasimba m'kalata kuti magetsi osungidwa m'botolo anamgwedeza thupi lonse, kotero kuti sanafunenso kuyesa kachiwiri. Tsono mmisiri wanzeru ayenera kudziwa nthawi yoti adikire asanalowetse dzanja.

Lamulo lake lilembedwa motere: V = V₀ × e^(−t/RC). V₀ ndiwo mavoti a poyamba, V ndiwo otsala, R ndi kukula kwa rezisita imene magetsi atulukiramo, C ndi kukula kwa kapasita, t ndi nthawi, ndipo e ndi nambala yosasinthika, pafupifupi 2.718.

Chovuta nchakuti t, amene afunikayo, wakwera pamwamba pa e, ndipo kuchotsera kapena kugawa kokha sikungamtsitse. Chomtsitsa ndi logarithm, imene John Napier wa ku Scotland anaionetsa anthu m'chaka cha 1614. Mtundu wofunika pano ulembedwa ln, ndipo ntchito yake ndi kumasula chimene e wamanga. Wophunzira ayambe wagawa mbali zonse ziwiri ndi V₀, kuti e atsale yekha. Pamenepo atenge ln ya mbali zonse, napeza ln(V/V₀) = −t/RC. Ambiri aphunthwa pa kachizindikiro kochotserako: akakaiwala apeza nthawi yochepera ziro, chinthu chosatheka. Njira yabwino ndiyo kutembenuza nambala za m'katimo, ya pansi ipite pamwamba, ndipo kachizindikiroko kachoka kokha: t = RC × ln(V₀/V).

Nachi chitsanzo. Kapasita wa mamaikrofaradi 100 ali ndi mavoti 300, ndipo rezisita yake ndi ya ma ohm 100,000. Mamaikrofaradiwo ayenera kusandutsidwa mafaradi, ndiwo 0.0001, ndipo RC ikhala masekondi 10. Kuti mavoti atsike kufika pa 30, V₀/V ndi 10, ndipo ln 10 ndi 2.303, nthawi yake ndi masekondi 23. Rezisita ikakula kakhumi, kudikira kukulanso kakhumi, mpaka kuyandikira mphindi zinai. Amene ali ndi tebulo la logarithm wamba wa 10 achulukitse yankho la m'tebulomo ndi 2.303 yemweyo.

Masamuwa akhulupirika pokhapokha rezisitayo ili yamoyo. Ikapsa kapena kuduka, monga ichitira m'makina akale, magetsi alibe potulukira, ndipo angakhalemo nthawi yaitali wailesi ili chizimire. Chifukwa chake mmisiri, atawerengera nadikira, ayezebe ndi mita asanakhudze waya uliwonse.