Kusankha Kalukidwe ka Tsitsi Lotalika Pang'ono

Mayi wina anali ndi ukwati wa mng'ono wake Loŵeruka. Chitenje anali atagula kale, duku analinso nalo. Chimene chinatsala ndi tsitsi. Tsitsi lake silinali lalifupi, komanso silinali lalitali kwenikweni. Akalikoka linkafika pachibwano. Lachinayi madzulo anapita kwa mlamu wake amene amadziŵa kuluka.

"Odi alamu! Ndabwera kuti mundiluke. Koma mukoke kwambiri kuti likhale miyezi itatu."

"Loŵani alamu, khalani pamphasapa. Tachotsani dukulo ndione."

Mlamu uja anayang'ana m'mutu, kenaka anapukusa mutu.

"Iyayi alamu, ine sindikoka. Taonani pamphumi panu ndi m'mbali mwa makutu. Tsitsi layamba kutha. Amene anakulukani mwezi watha anakoka kwambiri. Tikapitiriza chonchi, mudzakhala ndi dazi musanakalambe."

"Nanga nditani? Ndipite ku ukwati ndili chonchi?"

"Ayi, mukongola ndithu. Tingosankha bwino basi."

Vuto la mayiyu ndi la amayi ambiri. Tiyeni tione mmene tingasankhire kalukidwe koyenera tsitsi lotere.

Yambani mwayeza tsitsi lanu

Tsitsi lathu ndi lopotana. Tikalitsuka limafupika, ndipo munthu amaganiza kuti ndi lalifupi. Gwirani tsitsi pang'ono, mulikoke mosamala. Ngati likufika pakati pa chibwano ndi pheŵa, ndiye kuti ndi lotalika pang'ono. Tsitsi lotere limalukika bwino popanda kuwonjezera tsitsi logula kusitolo.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pa mwezi. Kuluka sikulifulumizitsa kukula. Ubwino wa kuluka ndi wakuti tsitsi silipesedwa tsiku ndi tsiku, motero siliduka.

Malukidwe anayi

1. Mizere yopita kumbuyo. Woluka amagaŵa tsitsi ndi chipeso, kenaka amaluka motsata khungu kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Nsonga zotsala amazipinda ndi kuziloŵetsa mkati. Mizere ikuluikulu 6 kapena 8 imatha msanga, ndipo siikoka tsitsi ngati mizere ing'onoing'ono yambiri.

2. Mizere yokwera. Apa mizere imayambira pamphumi, m'mbali ndi kunkhongo, ndipo yonse imakumana pamwamba pa mutu. Nsonga zimakulungidwa pamodzi n'kukhala mfundo imodzi. Kalukidwe aka ndi kabwino pa ukwati kapena pa chikondwerero. Khosi ndi ndolo zimaoneka bwino.

3. Kupota. Tengani tsitsi pang'ono, muligaŵe paŵiri, mulipote monga timapotera chingwe. Mungathe kudzipota nokha muli ndi kalilole. Mukatha, mukhoza kulisiya chomwecho, kapena kulisonkhanitsa kunkhongo ndi kuligwiritsa ndi mapini.

4. Kumanga ndi ulusi. Amayi athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Ulusi wakuda umakulungidwa pa chigawo chilichonse cha tsitsi kuchokera pansi mpaka kunsonga. Kenaka zigawozo amazipinda ndi kuzilumikiza. Mukamasula, mupeza tsitsi lawongoka popanda moto ndiponso popanda mankhwala.

Ganizirani ntchito yanu

Kalukidwe kabwino ndi kamene sikakulepheretsani ntchito. Kodi mumasenza ndowa ya madzi kapena mtolo wa nkhuni? Ngati ndi choncho, mfundo ya pamwamba pa mutu idzakuvutani. Nkhata siikhala bwino, ndipo katundu amapanikiza mfundoyo n'kumakoka tsitsi. Masiku a ntchito mfundo ikhale kunkhongo. Ya pamwamba isungireni tsiku la chikondwerero.

Musamange mfundo pamalo amodzimodzi nthaŵi zonse. Mizere nayonso muziisintha. Ngati ulendo uno yapita kumbuyo, ulendo wina ipite cham'mbali. Mukatero tsitsi la mbali imodzi silitopa.

Tsitsi lisaŵaŵe

Anthu ena amati, "Likaŵaŵa ndiye kuti lalukidwa bwino." Zimenezi si zoona. Tsitsi lililonse lili ndi muzu wake pakhungu. Likakokedwa kwambiri kaŵirikaŵiri, muzuwo umafooka ndipo tsitsi limathothoka. Limayamba kutha pamphumi ndi m'mbali mwa makutu, chifukwa tsitsi la pamenepo ndi lofeŵa. Mukasiya kukoka msanga, limameranso. Koma mukapitiriza kwa zaka zambiri, mizu imafa ndipo silimeranso.

Zizindikiro zakuti tsitsi lathina ndi izi:

Mutu ukuŵaŵa mukangotha kulukidwa.
Mukulephera kugona chifukwa cha ululu.
Khungu la pamphumi lakokeka.
Patuluka tiziphuphu m'mphepete mwa mizere.

Mukaona zimenezi, masulani msanga. Musanene kuti, "Ndalipira kale ndalama." Ndalama zimapezeka, koma muzu ukafa wafa. Musachitenso manyazi kuuza wokulukani kuti, "Pepani, mukukoka kwambiri."

Tsitsi logula limalemera. Ngati mufuna kuliwonjezera, likhale lochepa ndiponso losatalika kwambiri. Tsitsi limene laikidwa mankhwala owongola limakhala lofooka, ndipo siliyenera kusenza tsitsi lolemera.

Kusamala tsitsi lolukidwa

Tsukani tsitsi musanaluke. Lipeseni likadali lachinyezi, ndi chipeso cha mano otalikirana. Yambirani kunsonga, mutsirizire kumizu. Dzolani mafuta pang'ono chabe, chifukwa mafuta ambiri amagwira fumbi. Usiku mangani duku losalala, koma lisathine pamphumi.

Mizere ya tsitsi lanu lokha ikhale masabata 2 kapena 3. Ngati mwawonjezera tsitsi logula, musapitirire masabata 8. Mukamasula, lolani mutu upume masiku angapo musanalukenso.

Pomasula mudzaona tsitsi lambiri pachipeso. Musachite mantha. Munthu aliyense amataya tsitsi pakati pa 50 ndi 100 tsiku lililonse. Likakhala lolukidwa, tsitsi lothothokalo limatsalira m'mizere, ndipo limatuluka lonse tsiku lomasula.

Ana athu

Khungu la mwana ndi lanthete. Mwana akamalira pomuluka, musamukalipire. Mverani kulira kwakeko, mufeŵetse dzanja. Mulukeni mizere ikuluikulu yochepa kuti asakhale pansi nthaŵi yaitali.

Chipeso chimatha kufalitsa zipere ndi nsabwe. Ndi bwino kuti aliyense akhale ndi chake. Popita kokalukidwa, tengani chipeso chanu chotsuka. Mwana akakhala ndi chipere m'mutu, musachibise ndi mizere. Pitani naye kuchipatala. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, odzola okha sakwanira.

Tibwerere kwa mayi uja

Mlamu uja anamuluka mizere ikuluikulu yokwera, mosakoka. Tsitsi lofooka la pamphumi analisiya osaligwira. Pamwamba anamanga mfundo imodzi yabwino. Ku ukwati mayiyo anavina mpaka madzulo, mutu osaŵaŵa. Lolemba anabwereranso.

"Alamu, maŵa ndikusenza chimanga kupita kuchigayo. Tanditsitsirani mfundoyi kunkhongo."

Mlamu uja anaseka. "Eee, tsopano mwadziŵa. Khalani pansi."

Mafunso

1. Kodi mayi uja anafuna kuti mlamu wake amuluke motani? Nanga mlamuyo anakana chifukwa chiyani?
2. Tchulani malukidwe anayi amene taŵerenga.
3. Kodi mayi wosenza madzi amange mfundo pati?
4. Tchulani zizindikiro ziŵiri zakuti tsitsi lathina.
5. Kambiranani ndi anzanu: kodi kwanuko kuli malukidwe ena otani? Lembani maina ake m'kope mwanu.