Nyali ya pa geti ndi dzimbiri: chifukwa chiyani ku Durban zimatha msanga kuposa ku Kanjedza?

Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa funso limene ndakhala nalo m'mutu mpaka lero. Achimwene ake amagwira ntchito ya m'munda pa nyumba ina ku Durban, pafupi ndi nyanja, ndipo akuti nyali za panja kumeneko sizichedwa kudyeka, pamene ya kwawo ku Kanjedza yatha zaka ili bwinobwino. "Aphunzitsi, kodi chitsulo cha ku Joni n'chabodza?"

Chitsulocho n'chimodzimodzi, chasiyana ndi mphepo imene chikukumana nayo.

Mukukumbukira kuti dzimbiri limafuna zinthu ziwiri: madzi ndi okosijeni. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti kadontho ka madzi pa chitsulo kamasanduka kabatire kakang'ono. Pamalo ena ayironi amataya ma electron (Fe → Fe²⁺ + 2e⁻), ma electron aja amayenda m'chitsulomo kukafika pamene pali okosijeni wambiri, ndipo dera la magetsi limatsekedwa ndi ma ion oyenda m'madzimo. Ndiye funso ndi ili: madziwo akulola magetsi kudutsa mosavuta bwanji?

Apa m'pamene mchere umalowera. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Mafunde akamaswa, timadontho timauluka ndi mphepo n'kukatera pa mageti ndi pa nyali. Madzi amauma, mchere n'kutsala. Ndipo mchere umakoka chinyezi; mwaonapo mmene wa kukhitchini umanyowera nthawi ya dzinja. Choncho chitsulo cha ku Durban, Beira kapena Nacala chimakhala chonyowa ngakhale tsiku lopanda mvula, chonyowanso ndi madzi odutsitsa magetsi bwino. Batire lija silipuma. Kuwonjezera apo, ma ion a chloride amaboola kachikopa kamene kamateteza aluminiyamu ndi stainless steel.

Kuno tilibe nyanja yamchere. Ya Malawi ndi ya madzi abwino, moti ku Mangochi ndi ku Salima vuto lake ndi chinyezi basi. Koma tisadzitame. Mvula ya Novembala mpaka Epulo ikangotha, chiperoni chimabwera ndi kamvula kake kowaza kosalekeza, chitsulo osauma masiku angapo. Ineyo ndinagula nyali yotchipa m'sitolo ina mu Limbe, yonyezimira ngati siliva. Patatha madzinja awiri masikuluwu anadyeka, galasi linapendekeka, madzi analowa, ndipo usiku wina magetsi a nyumba yonse anathima. Geti linakhala mumdima sabata yathunthu, ine kugona kwake kwa khutu limodzi.

Nanga posankha tiyang'ane chiyani? Tengani maginito popita kokagula. Akamamatira mwamphamvu, nthawi zambiri ndi chitsulo wamba chongopakidwa penti, ndipo pentiyo ikakalika pang'ono dzimbiri layamba. Chitsulo chokutidwa ndi zinki, ngati malata athu, chimamatiranso maginito koma n'chabwinoko, chifukwa zinki amataya ma electron msanga kuposa ayironi, ndiye amadyeka iyeyo m'malo mwa chitsulo ngakhale pamene pakalika. Kunyanja yamchere zinkiyo amatha msanga.

Stainless steel amakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, amene amapanga kachikopa kosaoneka kodzikonza kokha kakakalika. Koma alipo mitundu. Wa nambala 304 ndi wokwanira kuno ku Blantyre. Kunyanja yamchere pamafunika 316, amene ali ndi molybdenum wa pakati pa 2 ndi 3 peresenti wolimbana ndi chloride. Maginito sangakuuzeni kusiyana kwa awiriwa, chifukwa onse samamatira kwenikweni. Muyenera kuwerenga pa katoni. Brass, wosakaniza kopa ndi zinki, amada koma amakhalitsa, kungoti mtengo wake ndi wowawa. Kunena zoona, pa thumba la ambiri a ife, pulasitiki wolimba wa polycarbonate ndiye wanzeru: sachita dzimbiri n'komwe. Mdani wake ndi dzuwa, ndiye onani ngati alemba kuti sawonongeka ndi UV.

Pali msampha wina. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali chinyezi, batire lija limakula mphamvu. Waya wa kopa akagunda thupi la aluminiyamu, aluminiyamu ndiye amadyeka, n'kumatuluka ufa woyera. Kawashala ka pulasitiki kapena ka labala pakati pake kamadula deralo.

Pa katoni mupezanso zilembo IP ndi manambala awiri. Yoyamba imanena za fumbi ndi tinthu tolimba, yachiwiri za madzi. IP44 imapirira madzi owaza, ndi yokwana pansi pa khonde. IP65 siilowa fumbi ndipo imapirira madzi opopera, ndiye ya pa mpanda. Koma chenjerani, mayeso a IP amachita ndi madzi opanda mchere, ndipo sanena kanthu za dzimbiri. Nyali ya IP65 ikhoza kudyeka ndithu.

Ikayamba kulowa madzi, musaigwire. Magetsi a ESCOM ndi 230 V, ndipo dzanja lonyowa limawadutsitsa mosavuta. Zimitsani pa main switch, muitane wodziwa za magetsi.

Ntchito ya kunyumba: pezani mabotolo atatu ndi misomali itatu yatsopano, muikwechese ndi sandipepa kuti iwale. M'botolo loyamba thirani madzi a pampopi, lachiwiri madzi omwewo ndi kasupuni kakang'ono ka mchere, ndipo msomali utulukire pang'ono pamwamba pa madzi. Lachitatu thirani madzi owiritsa, msomali umire wonse, pamwamba muthire mafuta ophikira kuti mpweya usalowe. Lembani zimene mukuona tsiku lililonse kwa masiku 5, mubwere ndi mabotolowo Lolemba.