Siginecha ya pa Kapepala Kachikasu

M'mamawa pa 15 Novembala 2006, apolisi ndi oimira boma pa milandu pafupifupi 200 anatulukira m'maofesi a kampani ya Siemens ku Munich, m'dziko la Germany, ndiponso kunyumba za ena mwa antchito ake. Limodzi mwa makomo amene anagogoda linali la Reinhard Siekaczek, wosunga mabuku a ndalama m'nthambi ya matelefoni. Sanali mwini kampani kapena bwana wamkulu. Anali wantchito wapakatikati, wokhulupirika, amene mabwana ankati akamutuma mtima wawo umakhala m'malo. M'bale wanga, ngati ukugwira ntchito pa kampani yomwe likulu lake lili kunja, kapena ukulakalaka kudzalowako, bambo ameneyu umuyang'ane bwinobwino. Mpando umene anakhalapo ndi womwe angakupatse iwe.

Siemens si kampani yamasewera. Inayamba mu 1847 ku Berlin, ndipo pa nthawi ya mlanduwu inkagulitsa makina opangira magetsi, sitima, zida za m'chipatala ndi zamatelefoni m'maiko pafupifupi 190. Kwa zaka zambiri lamulo la ku Germany silinkaletsa kupereka ziphuphu kwa akuluakulu a maboma akunja. Kampani inkatha kuziwerengera ngati ndalama zoyendetsera bizinesi, msonkho n'kuchepa. M'mabuku zinali ndi dzina lake laulemu la Chijeremani, lotanthauza kuti ndalama zogwiritsidwa ntchito mwaphindu. Kudyetsa chibanzi mkulu wa boma wa ku Munich unali mlandu. Wa ku Lagos kapena ku Buenos Aires, ayi.

Mu 1999 lamulolo linasintha, Germany inaletsa ziphuphu zakunja. Mu 2001 Siemens inayamba kugulitsa masheya ake pa msika wa ku New York, ndipo potero inadziika pansi pa lamulo la America la 1977 loletsa makampani kupereka ziphuphu m'maiko ena. Apa mpamene panali mphambano, ndipo apa mpamene akuluakulu a kampaniyi anasochera. Analemba malamulo abwino a kayendetsedwe ka kampani, oti wantchito aliyense awatsate kulikonse. Koma makontrakiti akuluakulu ankawafunabe, ndipo njira yowapezera imene ankaidziwa inali yomwe ija. Ndiye anasunga zonse ziwiri, lamulo la pa pepala ndi chizolowezi cha kuseri. Akulu akale anati mapanga awiri avumbwitsa.

Cha mu 2002 mabwana a nthambi yake anamuitana Siekaczek n'kumupatsa udindo woyendetsa thumba lobisika. Iye mwini anadzanena pambuyo pake kuti pa chaka ankayendetsa madola pakati pa 40 ndi 50 miliyoni. Sanamuuze kuti akabe. Iye ankaona kuti zikapanda kuchitika, nthambi igwa, anzake ataya ntchito. Kodi iwe ukanakana? Usafulumire kuyankha. Ganiza za lendi, za fizi ya ana, za bwana amene anakukweza pa ntchito ndipo lero akukupempha mwaulemu.

Taona mmene zinkayendera. Ndalama sizinkapita kwa nduna mwachindunji. Ankalemba mgwirizano ndi munthu womutchula kuti mlangizi wa bizinesi, amene ulangizi wake sunkaoneka, koma invoisi yake inkalipidwa msangamsanga. Mapangano otere analipo oposa 2,700 pa dziko lonse. M'maofesi ena munali malo otapira ndalama, pamene wantchito ankatha kutenga mpaka mayuro 1 miliyoni nthawi imodzi, n'kunyamula m'sutikesi. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: mabwana ena povomereza malipirowo sankasaina pa chikalata chenicheni. Ankasaina pa kapepala kachikasu komata, kaja timalembapo zotikumbutsa n'kumata pa kompyuta. Zinthu zikavuta, kapepalako ankangokamatula, dzina la bwana n'kuzimiririka. Chotsala pa chikalatacho chinali chiyani? Dzina la amene anakonza malipiro, amene analemba invoisi, amene anatumiza ndalama.

Munthu amene akusaina moti adzathe kufafaniza dzina lake akudziwa kale kuti akulakwa. Asadzakunamize kuti ndi chikhalidwe cha komweko.

Chifukwa bodza lalikulu m'nkhani zotere ndi limenelo, lakuti "kumeneko zinthu zimayenda choncho." Mlendo wochokera ku likulu amalinena, ndipo ife eni dziko nthawi zina timamuthandiza kulinena, timvekere "kuno bwana popanda kangachepe fayilo siyenda." Zoona, miyambo imasiyana, ndipo kampani yanzeru imaphunzira kulonjera, kufika pa maliro a wantchito wake, kudikira mfumu ilankhule kaye. Izi zisinthe ndithu malinga ndi dera. Koma mphatso ya kwathu timaipereka poyera, anthu akuona, wina n'kululutira. Ndi mwambo wa mtundu uti umene umafuna kampani yongopeka, akaunti ya ku banki yakutali ndi siginecha yomatula? Ndipo ziphuphu za Siemens sizinathere ku Nigeria ndi ku Bangladesh. Zinafika ku Argentina pa kontrakiti ya ziphaso za nzika ya madola 1 biliyoni, ku Venezuela pa sitima za m'mizinda, ku China, ku Israel, ngakhale ku Italy ndi ku Greece, m'kati mwa Ulaya momwemo. Maiko onsewa alibe chikhalidwe chimodzi. Chizolowezicho kampani inkachinyamula kuchokera kwawo.

Wolipira weniweni sanali Siemens. Siekaczek ananena kuti kawirikawiri chiphuphu chinkakhala 5 kapena 6 pa 100 iliyonse ya mtengo wa kontrakiti. Ndalama yotere imakwera pa mtengo wa ntchitoyo, ndipo amene amaibweza ndi mayi wogulitsa tomato kudzera mu msonkho ndi bilu ya magetsi.

Pa 15 Disembala 2008 Siemens inavomera kulipira madola 800 miliyoni ku America. Kuphatikiza ndi zilango za ku Germany, zonse zinapitirira madola 1.6 biliyoni. Bungwe la SEC, loyang'anira msika wa masheya ku America, linawerenga malipiro okayikitsa oposa 4,000, okwana madola pafupifupi 1.4 biliyoni, kuyambira 2001 mpaka 2007. Wapampando wa Siemens, Heinrich von Pierer, anali atatula kale pansi udindo mu Epulo 2007, akunena kuti sankadziwa. Kampani inaitana Peter Löscher, munthu wochokera kunja, kuti adzasese m'nyumba, ndipo lero ikugwirabe ntchito. Siekaczek, amene anathandiza ofufuza ndi zikalata zomwe anasunga, khoti linamupeza wolakwa mu Julayi 2008: zaka 2 za kundende zoimitsidwa, ndi chindapusa cha mayuro 108,000.

Usaganize kuti izi n'zakale kapena n'zakutali. Mu Januwale 2024 kampani ya mapulogalamu a kompyuta ya SAP inavomera kulipira madola oposa 220 miliyoni pa milandu ya ziphuphu, ndipo pa maiko amene SEC inatchula panali South Africa, Kenya, Tanzania, Ghana ndi Malawi. Njira yake inali yodziwika kale, yodzera mwa amkhalapakati ndi alangizi.

Tsono yang'ana pa desiki pako. Pali mkhalapakati amene anatulukira sabata yomwe tenda imatsekedwa, ndipo amene anamutchula ndi mkulu wa ku ofesi yopereka tendayo? Komishoni yake ikufanana ndi thukuta lake? Lipoti la ulangizi wake unaliona ndi maso ako, kapena unangouzidwa kuti lilipo? N'chifukwa chiyani ntchito yachitikira kuno koma ndalama akuti zipite ku akaunti ya dziko lina? Nanga bwana wako, amene zinthu zina zonse amakulembera pa imelo, bwanji nkhani iyi yokha amaikonda pa foni, kapena pa khonde nonse mutaimirira? Chizindikiro china n'chovuta kuchiona chifukwa chimakoma: kusankhidwa. Akakuuza kuti nkhaniyi ikhale ya awiri, poti iwe ndiwe wodalirika ndipo dziko lino ukulidziwa, mtima umasangalala. Siekaczek nayenso anasankhidwa chifukwa chodalirika.

Tsiku limene adzakubweretsere chikalata chotere, usakangane nawo. Uwapemphe mwaulemu kuti akulembere pa imelo zimene akufuna uchite, ndipo asaine okha pa chikalatacho ndi cholembera. Kenako uyang'ane nkhope yawo.